Boti silingaime pa mzere wa mafuta

 Ndi yaitali, koma a bandulo yotsala pang'ono musadandaule, ndi malemba okhaokha.

Sabata yonseyi mwakhala mukukangana za mtengo wa petulo, ena ati a Chakwera ndiwo atisiyira, ena ati Adadi ayamba kale. Ine ndinali chete chifukwa manja anali mu oilo. Kwa amene simukudziwa, nyengo yotseka nyanja ino ndili ku Lirangwe, pa msewu wa M1 kumpoto kwa Lunzu, kuthandiza alamu anga pa shedi yawo yokonzera njinga zamoto. Loweruka madzulo ndimapita kwa achemwali ku Chileka, ndipo ndi kumene ndikulembera. Foni yadzaza, nsima ndadya, ndiye lolani ndinene zanga.

Ndiyambe ndi zimene ena zikuwawani kumva. K2,530 ija sunali mtengo wa petulo. Unali mtengo wa pa chikwangwani basi. Unaikidwa mu November 2023, kwacha itangogwetsedwa ndi 44 peresenti, pomwe lita inachoka pa K1,746. Kuchokera apo unangoima pomwepo pafupifupi zaka ziwiri. Shuga anakwera, sopo anakwera, ulusi wosokera ukonde unakwera, petulo yekha ali phee ngati wajambulidwa. Tsopano ndikufunseni inu a kunyanja, chaka chathachi ndi kangati munagula lita pa K2,530? Ine ndi dzanja langali ndinaperekapo K8,000 pa lita kwa mnyamata wa chigubu, kuti ndingoyesera injini ya munthu nditaimanga. Pa 1 October 2025 MERA italengeza K3,499 ya petulo ndi K3,500 ya dizilo, a m'tauni anakuwa kuti zakwera ndi K969. Kwa ife amene tinkagula kuseri, mafutawo atamapezeka pa pampu pa mtengo umenewo ndiye kuti atsika, osati pang'ono.

Tiwerenge limodzi. Boti la chilimira litenge malita 20 usiku umodzi. Pa mtengo wakale wa pa chikwangwani inali K50,600. Pa wa October 2025 inali K69,980. Pa mtengo wa chigubu umene ndatchulawo ndi K160,000. Ndipo mukudziwa nonse mmene timagawirana: usipa ukagulitsidwa, za mafuta zimachotsedwa kaye, zotsalazo ndiye mwini zida ndi alovi agawane. Ndiye amene amalipira mtengo wa chigubu si bwana yekha ayi. Ndi mnyamata uja wakoka ukonde usiku wonse, n'kubwerera kunyumba ndi ndiwo za m'jumbo zokha.

Sindikunena kuti K3,499 inali yokoma. Kuno mizere sinathe, ndimaiona pa Lunzu ndi pa Kameza ndikamapita ku Chileka, galimoto ndi njinga kugona pomwepo. Kukwera mtengo mafuta n'kusapezekabe ndiye kumenyedwa kawiri. Koma mukandipatsa kusankha, mtengo wokwera umene ndiupeze pa pampu ndi mtengo wotsika wongowerenga pa khoma, ine ndatenga woyambawo osaganiza kawiri.

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndi nkhani ya zigubu. Analetsa kugula mafuta m'zigubu, ati pofuna kuthana ndi mavenda, ati wofuna atenge kaye chilolezo. Amene analemba zimenezo ali ndi galimoto. Boti lilibe matayala amwene. Silingaime pa mzere. Msodzi, wachigayo, mlimi wa pampu yothirira kudimba, onsewa chigubu ndiye thanki yawo. Ukawaletsa sunathane ndi venda, wamupatsa makasitomala. Venda iye ali ndi njira zake, amadzaza njinga, kukapopera kuseri, n'kubwereranso pa mzere.

Ndipo mafuta a kuseriwo ine ndimawaona m'kati mwa injini, inu mumangoona mtengo. Ena amathiramo parafini, ena chigubu chake chinali ndi madzi. Ukatsegula kabureta umapeza madzi akhala pansi, pulagi yada bii, pisitoni yakalika ngati yadutsa pa mchenga. Eni maboti enanso, poona kuti zinthu zadula, ayamba kubera oilo. Yamaha Enduro imafuna muyeso wa 50 kwa 1, kutanthauza kuti malita 20 a petulo, oilo wa two-stroke akhale mamililita 400. Wina amathira theka, ati ikuyendabe. Ee, iyenda mwezi umodzi. Kuno kwa alamu ndaona kusiyana kwake bwinobwino. Njinga ikazima pa Matindi, wakabaza amatsika, kutukwana pang'ono, n'kuyamba kukankha. Injini ya boti ikazima 2 koloko usiku, mtunda sukuoneka, mpoto wayamba, muli anthu khumi, mukankhira pati? N'chifukwa chake ndimati nkhani ya mafuta kwathu si ya thumba lokha. Muli miyoyo ya anthu m'chigubu chimenecho.

Ndatchula Matindi. Ndi pakati pa Lunzu ndi Lirangwe, ndipo pamenepo pali matanki a NOCMA osungira mafuta a dziko, okwana malita 25 miliyoni. Ena ngati amenewo ali ku Kanengo ku Lilongwe, ndipo ocheperapo, a malita 10 miliyoni, ali ku Mzuzu. Anamangidwa ndi ngongole yochokera ku India. Tsiku loyamba kuwaona ndinaseka ndekha mu minibasi, kuti matanki ndi awa, mzere wa mafuta ndi uwo kutsogoloko. Posungira tili napo. Chimene tilibe ndi dola yogulira zothiramo. Dziko lino limafuna ndalama pafupifupi 50 miliyoni za America mwezi uliwonse kugulira mafuta okha, ndipo amachokera kutali, pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Mukukumbuka kumapeto kwa 2024 ku Mozambique kutavuta zisankho zitatha, kuno zinthu zinafika poipa. Iwo akukangana kwawo, boti la ku Msaka lagona pa mchenga.

Dolayo ku banki amati ili pa K1,700 ndi kakuti, koma pita ukaifune. Wa shopu ya masipeya ku Limbe amaigula kuseri pa mtengo woposa kawiri, ndipo impela, ma ring'i, pulopela, zonse amaziika pa mtengo wakuseriwo. Ndiye mukamati makaniko wadula, dziwani kuti yanga ndi ya manja yokha, inayo ndi dola. Dola nayonso ili ndi mtengo wa pa chikwangwani ndi mtengo weniweni, chimodzimodzi petulo uja. Matendawa ndi amodzi. Timagula kunja zambiri kuposa zimene timagulitsa, fodya yekha sangatinyamule tonse, ndipo palibe pulezidenti amene amasindikiza madola ku Kamuzu Palace.

Apa ndiye ndilowe za ndale, poti n'zimene mumafuna. Mtengo wa K3,499 uja unabwera pa 1 October 2025. Zotsatira za chisankho zinali zitalengezedwa pa 24 September, a Mutharika n'kudzalumbira pa 4 October. Unagwera pakati penipeni, ngati mwana wobadwa banja litatha, aliyense akuti si wanga. Ine ndikuti ndi wa onse awiri. Boma lapitalo linauzengereza chifukwa kukweza petulo chisankho chili pafupi n'kudziwotcha, ndipo latsopanoli likanaukweza basi, silikanachitira mwina.

Mu June 2020 a Chakwera anapambana ndi mavoti oposa 58 pa 100 alionse, khoti litafafaniza chisankho cha Tipp-Ex cha 2019. Ndinali Folomu 4, ndipo ndimakumbuka mmene tinkaimbira za ntchito 1 miliyoni ndi kudya katatu. Pa 16 September 2025 anthu omwewo anawapatsa 33, n'kupereka 56.8 kwa munthu wa zaka 85 amene anamuchotsa okha mu 2020. Ena mukuti Amalawi ndi oiwala. Ayi, sanaiwale. Anangoyerekeza mtengo wa thumba la chimanga, paketi ya shuga ndi kutalika kwa mzere. Amayi ogulitsa tomato pa msika wa Lirangwe sawerenga manifesito, koma mtengo wa chinthu chilichonse wa 2019 amautchula pamtima. Chimodzi chimene ndiwayamikire a Chakwera, anavomera kugonja zotsatira zisanalengezedwe n'komwe, ndipo palibe sitolo inaotchedwa. Tayang'anani kwa anzathu ku Mozambique muone kuti zimenezo si zazing'ono.

Koma inu a buluu musavine kwambiri. Kuno kuli msewu umene ungakuphunzitseni kudekha. Umachoka pa Lirangwe pompano, kudutsa ku Chingale kuseri kwa phiri la Zomba, kukatulukira ku Machinga. Akuluakulu a kuno amati anayamba kulonjezedwa phula nthawi ya a Muluzi. A Peter Mutharika anadzakhazikitsa ntchito yake mu 2018. Anachoka, anabwera a Tonse, nawo achoka, abweranso eni mwala wa maziko aja, phula silinafikebe ku Machinga. Njinga zochokera njira imeneyo ndi zimene zimatidyetsa pa shedi: mashoko otha, masipoko othyoka, fyuluta yodzaza fumbi, dzinja likafika ndiye matope mpaka mu tcheni. Alamu amaseka kuti tsiku limene adzaumalize adzatseka shedi. Msewu umenewu ndi wathunso a kunyanja, musaone ngati ndi wa anthu a ku Chingale okha. Galimoto ya usipa yochoka ku Mangochi ikafika ku Liwonde imazungulira, kaya ku Zomba, kaya ku Chingeni ndi Zalewa. Pakanakhala phula pakatipa ikanadulira, ndipo malita amene ikanapulumutsa ndi ndalama imene wogula pa gombe amatidula pa chigoba chilichonse.

Pa kampeni a DPP analonjeza kuti ndalama za chitukuko cha dera, CDF ija, zifika K5 biliyoni pa dera lililonse pa chaka. Madera alipo 229. Chulukitsani nokha muone kuti ndi thumba lotani, kenako mufunse kumene lichokere. Koma poti analonjeza okha, ife tiwagwire pomwepo. Phungu akabwera pa gombe musamupemphe mpira ndi yunifomu basi. Mufunseni za pampu ya mafuta yololeza zigubu za asodzi olembetsedwa, za zimbudzi pa doko, za malo opangira ayisi. T-shirt yomwe munalandira ija pofika Epulo ikhala ikupukuta oilo kwa ine.

Tsopano za magetsi, zimene kuno zandiwawa mtima kuposa mmene zinkandiwawira kwathu. M'mamawa uliwonse, kusanache, pa Lirangwe pamadutsa njinga zakapalasa zitasenza makala, matumba atatu ena anayi, kuchokera cha ku Zalewa ndi kupitirira, ulendo wa ku Blantyre. Anyamata a msinkhu wathu, thukuta kamukamu, pa chitunda akukankha. Pamwamba pawo pakudutsa mawaya akuluakulu a magetsi. Magetsiwo akuchokera pa Shire pafupi pomwepa, ku Nkula ndi ku Tedzani, ndi kumunsi ku Kapichira. Nanga Shire ndi chiyani? Ndi nyanja yathu ija ikutuluka. Madzi amene mukusambamo pa Msaka adzadutsa pa Mangochi, kulowa Malombe, kuima pa baraji ya ku Liwonde, n'kudzazungulitsa makina a EGENCO. Ngakhale madzi a m'mipopi ya mu Blantyre ambiri amapopedwa mu Shire momwemo pa Walker's Ferry, kudzera kuno ku Chileka, n'kukwera mtunda kupita m'tauni. Munthu wa ku Namiwawa akamasamba shawa yotentha, madziwo ndi athu, moto wotenthetsawo ndi wathunso.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira magetsi, ndipo kumidzi n'zochepa kwambiri kuposa apo. Pano ziyenera kuti zakwerako, makamaka ndi masola, koma pitani mseri mwa msika wa Lirangwe mtunda wa mphindi makumi awiri wapansi muone mdima wake. Ndi womwewo wa kwathu. A m'tauni omwe ali ndi magetsiwo amaphikirabe makala, chifukwa mayunitsi adula ndipo sadziwa ola limene azime. Ndiye mitengo ikutha m'mapiri a m'mbali mwa Shire, mvula ikagwa dothi lonse likutsikira mu mtsinje, matope ndi zinyalala n'kukatseka makina omwe aja, magetsi n'kuzima, makala n'kukwera mtengo, mnyamata wa njinga n'kuwonjezera thumba lachisanu. Ine sindimutukwana. Akasiya adya chiyani? Ndi chimodzimodzi kuuza mlovi kuti asiye ukonde wa maso ang'onoang'ono iwe utakhuta.

Chinthu chimodzi chimene tinachita bwino kunyanja popanda nduna kudzadula riboni ndi nyali. Bambo anga nthawi yawo siginala ankapita ndi nyali za parafini, kupopa usiku wonse, galasi kusweka, parafini kudya phindu. Lero ndi mababu ndi batire lotchaja pa sola. Palibe anatiphunzitsa pa msonkhano, tinangoona kuti zikutchipa. Tsiku lina injini nazo zidzapita komweko, ndipo ine ntchito ya kabureta idzandithera, koma si chaka chino.

Mukafuna kuona mmene magetsi, matenda ndi mpira zimakumanirana m'dziko muno, kumbukani sabata ya 24 January 2022. Lolemba namondwe Ana anagwetsa damu la ku Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka nthawi imodzi, dziko lonse mdima. Lachiwiri lake, 9 koloko usiku, Flames ikusewera ndi Morocco ku Yaoundé, koyamba m'mbiri yathu kudutsa m'magulu a AFCON. Tsiku limenelo ine ndinali munthu wofunika kuposa mfumu. Kuyambira masana ndinali pa jenereta ya pa vidiyo sho, kutsuka kabureta, anthu atandizungulira ngati ndikubereketsa ng'ombe. Eni maboti awiri anapereka petulo wa ulendo wa usiku umenewo, alovi osadandaula. Mphindi ya 7 Gabadinho Mhango anaona goloboyi Bounou wasuntha, n'kuumenya ali kutali pafupi ndi pakati pa bwalo. Benchi imene ndinakhalapo inathyoka. Wina anathamanga n'kukadziponya m'nyanja ndi zovala. Kenako En-Nesyri anabweza tisanapume, Hakimi n'kudzatimaliza ndi firikiki, 2-1. Tinatuluka, koma palibe anapita kogona akudandaula za petulo uja. Kapichira yo inatenga chaka ndi miyezi kuti ibwerere, mpaka 2023.

Anthu amaiwala kuti timu imeneyo inapita ku Cameroon kolona itaigwira. Masewero oyamba ndi Guinea, amene tinagonja 1-0, Gabadinho sanasewere, benchi inali ndi anthu owerengeka, ndipo kochi Mario Marinica naye anali atatsekeredwa, timu n'kuitsogolera Meck Mwase. Atabwerera Gaba anachinya ziwiri tikugonjetsa Zimbabwe 2-1. Ndi Senegal ya Sadio Mané tinalepherana 0-0, ndipo penate ija anatipatsa n'kutilandanso atakaonera pa VAR mpaka lero ndikaikumbuka nsima imandikanika. Senegal yomweyo ndi imene inatenga chikho.

Kolonayo tinayamba ndi kuiseka, musakane. Tinkati ndi ya okwera ndege, ya anthu otsikira pa Chileka pano, ife otentha ndi dzuwa la pa mchenga singatipeze. Odwala oyamba analengezedwa pa 2 April 2020. Boma litalamula kuti tonse tikhale m'nyumba masiku 21, mavenda anachita zionetsero, khoti n'kuimitsa lamulolo lisanayambe. Pamenepo ine ndili mbali ya khoti mpaka lero. Munthu wodya za tsiku lomwelo ukamutsekera masabata atatu opanda ufa wamupha ndi njala kuti asafe ndi chifuwa. Ndipo za kukhala motalikirana mita imodzi, amene ananena sanakwerepo boti la chilimira. Mu May chaka chomwecho abale athu obwera ku Joni pa mabasi anawasunga pa Kamuzu Stadium kuti ayezedwe, mazana n'kuthawa kudumpha mpanda. Tinawanyoza pa Facebook, koma ena mwa iwo tinadya nawo nsima kumudzi sabata yomweyo.

Kuseka kunatha mu January 2021. Pa 12 nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. M'zipatala mpweya wa oxygen unasowa, mpaka anthu wamba, motsogozedwa ndi mlembi Stanley Onjezani Kenani, anayamba kusonkha ndalama pa Facebook kugula masilinda ndi zida zake. Nthawi yomweyo n'kumva kuti K6.2 biliyoni ya kolona yambiri inathera m'ma alawansi ndi misonkhano. Nduna imodzi, a Ken Kandodo, inachotsedwa. Mu May katemera 19,610 anaotchedwa poyera ku Lilongwe atapitirira masiku, pomwe kwathu anthu ankathawa akaona galimoto ya zaumoyo, ati jakisoni wake ndi woletsa kubereka. Ine ndinabayitsa, ndipo ndili pano ndikukutopetsani ndi malemba.

Koma kwa a msinkhu wanga chimene kolona inatenga kwambiri ndi sukulu. Anatseka pa 23 March 2020, tinakhala miyezi isanu ndi kuposa. Anyamata analowa m'maboti, atalawa ndalama ambiri sanabwererenso m'kalasi. Atsikana a kalasi lathu ena potsegulira anali ndi pakati, ena ali pabanja. Ife otsalafe tinayamba mayeso a MSCE kumapeto kwa chaka, n'kuwaimitsa pakati chifukwa anabedwa, tinakalembanso mu January matenda ali pachimake. Ine miyezi yotseka ija ndi imene ndinakhala pansi pa mtengo ndi amisiri a injini, kuwapatsira sipanala. Ndiye ntchito imene ndikudyerayi inachokera ku mliri. Anzanga ena mliri womwewo unawasiya opanda satifiketi, opandanso luso. Akamanena za sekondale yaulere kuyambira January 2026 ndimaganiza za amenewo, kuti iwo zinawadutsa.

Ndipo tinene zoona, matenda amene anatilowa m'nyumba kunyanja ndi kolera ya 2022 mpaka 2023. Inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Mangochi inali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Kolona inali ndi komiti ya pulezidenti kuyambira pachiyambi ndi malipoti tsiku ndi tsiku pa wailesi, chifukwa inkapha okwera ndege. Kolera mankhwala ake timawadziwa tonse, chimbudzi ndi madzi abwino, koma pitani pa doko lililonse nthawi ya usipa wambiri muwerenge zimbudzi, muwerengenso anthu. Mvula yayandikira iyi. Paja ndati phungu mumufunse zimenezi.

Nditsirize ndi zokoma, poti ena mwayamba kuyasamula. Kumapeto kwa October 2025 ma Scorchers anagonjetsa Angola 2-0 pa Bingu Stadium, n'kudzigulira malo koyamba ku WAFCON ya 2026 ku Morocco. Ndinaonera kuno ku Chileka, ndipo mwa amuna amene tinali pamenepo theka ndi omwe zaka zisanu zapitazo ankati mpira wa akazi ndi wotayitsa nthawi. Atsikana omwewa anatenga chikho cha COSAFA mu 2023 pogonjetsa Zambia. Temwa Chawinga ku Kansas City Current anachinya zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024, chiwerengero chimene palibe anachifikapo, n'kusankhidwa wosewera bwino kuposa onse, ndipo mu 2025 anatsogolanso pa zigoli. Mkulu wake Tabitha ali ku Lyon. Ana a ku Rumphi, okulira pa mabwalo a fumbi ngati lathu la kuseri kwa thandala. Ndinene mosabisa, pakali pano timu ya dziko imene ndingawonongere petulo wa jenereta ndi imeneyi. A Flames andikhululukire, chigoli cha Gaba chija takhala tikuchidya zaka zinayi, chatha mchere. Za Bullets ndi Manoma sindiyankhapo lero, alamu ndi a Manoma ndipo ndikugona m'nyumba mwawo.

Mwana wa achemwali wa zaka 11 amasewera pa bwalo la sukulu kuno, opanda nsapato, ndipo anyamata amamuopa. Wandipempha mabutsu. Ndamuuza kuti adikire nyanja itsegulidwe.

Inu amene mwakweza injini pa mtunda nyengo ino, musaisiye ndi petulo m'kabureta, makamaka wa chigubuyu, amauma n'kutseka majeti. Chotsani paipi ya mafuta injini ikulira, muisiye izime yokha. Tsegulani sikuluwu ya giyabokisi muone oilo, akatuluka woyera ngati mkaka ndiye kuti mwalowa madzi, ma silo atha, musadikire January. Muiimike choimirira, pa mthunzi. Ndibwera Khrisimasi isanafike ndipo ndidzera ku Limbe, ndiye wofuna impela kapena mapulagi anditumizire mtundu wa injini ku inbox, 15 kapena 40, osati pagulu pano. Ndalama patsogolo amwene, wa shopu uja ngongole sakuidziwa.